Tsiku limene thumba la kachewere linandipulumuka

Thumba lake silinali lalikulu n'komwe. Linali la kachewere, losadzaza bwino, limodzi mwa matumba amene amayi amatumiza kumsewu wa M1 kuti akagule a magalimoto odutsa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Asisi anagwira kumunsi, ine ndinagwira kukamwa kwa thumba, tikufuna kuliika pakeliyala ya njinga. Tinanyamula pamodzi. Litafika cha m'mawondo, zala zanga za kumanja zinangomasuka zokha, ngati wina wazimitsa magetsi m'dzanjamo. Thumba linagwa, chingwe n'kuduka, kachewere n'kumwazikira m'fumbi, wina kugubuduka mpaka m'ngalande.

Pa Mlangeni palibe chimachitika popanda mboni. Anyamata a kabaza anali ataona zonse. Mmodzi anakuwa kuti, "Achimwene a ku yunivesite, bolopeni ndi yopepuka eti?" Onse anafa nalo phwete. Asisi sanaseke. Anatola kachewere yense, n'kumanganso thumba, n'kupota chitenje kukhala nkhata, kenako anati, "Ingonditwika iwe, njingayo uzikankha." Ndinawatwika. Anauyamba ulendo khosi lili chilili, ine pambuyo pawo ndikukankha njinga yopanda kanthu.

Madzulo nkhani inali itafika kale kwa amayi. Anandiyang'ana nditakhala pampando pafupi ndi moto, maso ali pafoni, ndipo anati, "Mwana iwe, sukulu yakupinda. Taona mmene wakhalira, mutu uli kutsogolo ngati nkhuku yofuna kujompha chimanga, mapewa alowa m'kati. Munthu akapindika chonchi manja amafa. Mphamvu za m'manja zimatsika kuchokera m'khosi."

Ndinaseka, monga timasekera tonse tikamva zimene tikuganiza kuti ndi nzeru za kumudzi. Koma panali chinthu chimene ndinali ndisanauze munthu aliyense pakhomopo. Kuyambira semesita yapitayi, kachala kanga kakang'ono ka kumanja ndi chala choyandikana nako zimachita dzanzi. Pamayeso ena a maola atatu ndinaika bolopeni pansi kangapo, n'kumagwedeza dzanja pansi pa desiki kuti woyang'anira asandiganizire zina. Agogo aamuna matenda awo a kufa ziwalo anayamba ndi kapu ya tiyi imene inawapulumuka m'manja m'mawa wina. Ndinali wamng'ono koma phokoso la kapu ija ndimalikumbukira. Ndiye thumba litagwa, manyazi anali pamwamba chabe. Pansi pake panali mantha.

Ine ndimaphunzira za mbiri ndi zolembalemba, za thupi la munthu ndinasiyira ku sekondale. Chimene maphunziro athu amatipatsa n'chakuti munthu akanena chinthu, timafunsa kuti wachitenga kuti. Usiku umenewo ndinagula bandulo, n'kuyamba kuwerenga, ndipo pamene ndinasokonezeka ndinalembera mnzanga wa ku sekondale amene akuphunzira physiotherapy ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre.

Choyamba chimene chinandidzidzimutsa n'chakuti amayi sananame. Zala zathuzi zilibe minofu yake yozipinda. Minofu ikuluikulu yofinyira ili pamkono, pakati pa chigongono ndi dzanja, ndipo imakoka zala ndi tizingwe todutsa pamfundo ya dzanja, ngati mmene munthu amakokera mabuleki a njinga ali kuhandulo. Tafumbatani chibakera mutagwira mkono wanuwo ndi dzanja linalo, mumva mmene ukuumira. Tsono minofu imeneyi siigwira ntchito popanda uthenga, ndipo mitsempha yonyamula uthengawo imatuluka m'khosi. Khosi lili ndi mafupa 7. Mitsempha yopita kudzanja imatuluka kuyambira cha pafupa lachisanu mpaka pafupa loyamba la msana wa pachifuwa, n'kulukana pamodzi, n'kudutsa pakati pa minofu ya m'mbali mwa khosi, pansi pa fupa lopingasa lija lili m'munsi mwa khosi, pansinso pa kamnofu ka pachifuwa, kenako kukhwapa mpaka kuzala. Njira yonseyi ndi yopanikizika. Mutu ukakhala kutsogolo nthawi yaitali, mapewa n'kugwera m'kati, minofu yozungulira njirayi imakhala yokungika, ndipo kwa anthu ena mtsempha umatha kupanikizika. Amayi sanalowepo m'kalasi ya zimenezi, koma mapu ake anawajambula molondola ndi mawu awiri.

Chachiwiri n'chakuti mphamvu yofinya si nambala imodzi yokhazikika mwa munthu. Imasintha malinga ndi mmene waikira thupi. Yesani izi pomwe mulipo: pindani dzanja lanu pamfundo, chikhatho chiyang'ane kumkono, ndiye muyese kufinya chala cha mnzanu. Mphamvu zithawa. Wongolani dzanjalo, mulipendeketsere pang'ono kumbuyo, mufinyenso. Mnzanuyo akuwa. N'chifukwa chake anthu oyeza mphamvu za m'manja anachita kugwirizana za kakhalidwe ka woyezedwa. Bungwe la American Society of Hand Therapists linakhazikitsa mu 1981 kuti munthu akhale pampando, mkono uli pafupi ndi nthiti, chigongono chitapindika madigiri 90, ndiye afinye kachipangizo kotchedwa dynamometer, kamene kamaonetsa mphamvu m'makilogalamu. Ofufuza a ku Taiwan mu 1994 anayeza anthu 160 atawaika mikono mosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti anthuwo ankafinya kwambiri mkono utakwezedwa m'mwamba chigongono chili chowongoka, kusiyana ndi pamene mkono unali m'mbali chigongono chitapindika. Munthu yemweyo, dzanja lomwelo, tsiku lomwelo, koma phewa litasuntha nambala n'kusintha.

Mwina munaionapo pa Facebook nkhani ija yakuti kuweramira pafoni kuli ngati kusenza mwana pakhosi. Inachokera kwa dokotala wa msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, amene mu 2014 anawerengera kuti mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5 ukakhala chilili, koma ukawerama madigiri 15 khosi limamva ngati makilogalamu 12, pa madigiri 30 ngati 18, pa madigiri 60 ngati 27. Chigubu cha madzi cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Nditawerenga zimenezi ndinawongoka msanga ngati ophunzira usilikali wa polisi amene amaphunzitsidwa pano pa Mlangeni akamva mawu a wowalamula. Ndinaganiza za maola onse amene ndakhala pabedi kuhositelo, laputopu ili pamiyendo, ndikuthamangitsana ndi asayimenti, kapena ndikuwerenga buku lonse pakagalasi ka foni chifukwa kulaibulale lilipo limodzi ndipo ofuna ndife ambiri.

Pofika apa mlandu unali ngati watha: foni yandipinda, kupindikako kwapha dzanja. Ndikanalemba nkhaniyi usiku umenewo, ndikanakuuzani kuti wongokani anzanga, basi.

Koma mnzanga uja atandiyankha m'mawa anandithira madzi ozizira. Anati manambala a Hansraj anachokera pa masamu a pakompyuta, sanayeze khosi la munthu aliyense. Anati ofufuza akamajambula achinyamata cham'mbali n'kuyeza kuti khutu lapita kutsogolo motani poyerekeza ndi fupa lotuluka lija la kumbuyo kwa khosi, kenako n'kuwapatsa dynamometer, zotsatira zake sizigwirizana: ena amapeza kuti oweramawo amafinya mochepera pang'ono, ena sapeza kusiyana kulikonse. Ngakhale za kupweteka kwa khosi zenizenizo sizili mmene timaganizira. Ku Perth, ku Australia, anajambula achinyamata a zaka 17 oposa 1,000, n'kuwagawa m'magulu malinga ndi mmene amakhalira, ndipo mu 2016 analengeza kuti oweramawo sankadandaula khosi kuposa owongoka. Ku Rio de Janeiro, ku Brazil, anaona achinyamata 150 a zaka 18 mpaka 21 akulemba mauthenga pafoni, mu 2018 n'kupezanso chimodzimodzi. Chimene a ku Perth anapeza, ndipo chinandikhala mumtima, n'chakuti gulu la ogwa mapewa lija linali ndi ambiri osonyeza zizindikiro za kuvutika maganizo. Mwina nthawi zina si khosi limene limayamba. Aliyense amene anadikirapo loni imene sikubwera, lendi atamukumbutsa kale kachiwiri, akudziwa mmene mapewa amagwera okha.

Ndinaganiza zoyesa ndekha. Dynamometer ndilibe, koma ndinabwereka sikelo ija yopondapo munthu akafuna kudziwa kulemera kwake. Ukaigwira m'mbali ndi manja onse awiri n'kufinya, singano imayenda. Si sayansi iyi, ndikudziwa, ndipo mnzanga uja anaseka nditamutumizira chithunzi. Komabe ndinakhala pakhonde n'kufinya nditawongoka ngati wapolisi. Ndinapuma, n'kufinyanso nditagwetsa mapewa, mutu uli kutsogolo. Singano inafika pafupifupi pomwe paja. Ndinabwereza kangapo, kusiyana kwake kunali kochepa moti sindikanalumbira kuti kulipo. Nditapinda manja pamfundo m'pamene singano inatsika zooneka.

Asisi anali akubwera kuchokera kumjigo. Anatula ndowa, n'kufunsa kuti ndikuchita masewera anji. Ndinawapatsa sikelo. Anafinya atangoima, akuseka, manja ali onyowa, singano n'kudutsa pamene ine ndinalekezera. Ndinati akhale pansi, agwetse mapewa, aweramitse mutu ngati ine ndikakhala pafoni. Anatero, akunditsanzira mpaka kutulutsa mlomo. Singano inandidutsabe.

Mabuku amati pa avereji mwamuna amafinya kuposa mkazi wa msinkhu wake, ndipo kusiyanako si kwapang'ono. Pakhonde pathu avereji imeneyi sinagwire ntchito, ndipo chifukwa chake sichinali m'khosi. Manja a asisi amagwira mpini wa khasu, munsi, chogwirira cha mjigo, nkhwangwa, amafinya zovala zonyowa, amamanga matumba. Anga kwa zaka zitatu agwira bolopeni, foni ndi sipuni. Minofu imatsata ntchito. Ku North Carolina, ku America, Elizabeth Fain ndi Cara Weatherford anayeza achinyamata 237 a zaka 20 mpaka 34, ndipo mu 2016 anaonetsa kuti anyamata ambiri ankafinya mochepera poyerekeza ndi anzawo a msinkhu womwewo amene anayezedwa mu 1985. Kuno kwathu kusintha kumene kwawatengera iwo zaka 30 kumachitika m'nyumba imodzi, pakati pa ana a mayi mmodzi: wina wapita ku koleji, wina watsala kudimba. Ndikuona ngati mutu wopita kutsogolo ndi dzanja lofooka ndi ana a bambo mmodzi, kukhala pansi tsiku lonse. Amayendera limodzi, koma zimenezo sizitanthauza kuti wina anabereka mnzake.

Mwina mukuti, nanga zili ndi ntchito yanji, poti ife tikudzagwira ntchito za muofesi? Madokotala amaiona mphamvu ya m'manja ngati zenera loonera thupi lonse. Kafukufuku wamkulu wotchedwa PURE, amene anatuluka mu The Lancet mu 2015, anatsatira anthu pafupifupi 140,000 a zaka 35 mpaka 70 m'mayiko 17, kuphatikizapo South Africa ndi Zimbabwe. Anapeza kuti pa makilogalamu 5 aliwonse amene mphamvu yofinya yatsika, chiopsezo cha imfa chinkakwera ndi 16 peresenti. Sikuti dzanja lofooka limapha munthu, koma limaulula mmene minofu, chakudya ndi mtima zilili. Kuno ku Malawi, Chilima ndi Ismail analemba mu 2001 kuti okalamba a kumudzi operewera zakudya m'thupi ndi amenenso ankafinya mochepera. Ndipo kafukufuku wa Malawi Longitudinal Study of Families and Health, amene wakhala akutsatira mabanja ku Rumphi, ku Mchinji ndi kwa aneba athu ku Balaka kuyambira 1998, amayezanso mphamvu za m'manja mwa anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo. Ife a zaka za m'ma 20 tili pa msinkhu umene dzanja liyenera kukhala likuyandikira pachimake. Chimene tidzatsike nacho ku ukalamba tikuchisunga panopa.

Pano nkhani ikanakoma kuitsekera motere: taonani amayi athu a kumudzi, owongoka ngati bango, amphamvu, tiyeni titengere iwo. Alendo odutsa mumsewu uno amawajambula ali ndi madengu a tomato pamutu. Ngakhale asayansi anakopekapo. Mu 1986 magazini ya Nature inasindikiza kafukufuku wa Maloiy ndi anzake wonena kuti amayi a Chiluo ndi Chikikuyu ku Kenya amatha kusenza katundu wofika gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lawo popanda kuonjezera mphamvu zimene amagwiritsa ntchito poyenda. Nkhaniyi inatchuka dziko lonse, ngati kuti mkazi wa mu Africa anabadwa ndi wilibala m'khosi. Patapita zaka, Ray Lloyd ndi anzake anayeza amayi a Chixhosa ku South Africa, ndipo mu 2010 anapeza kuti kwa ambiri kusenza sikunali kwaulere chonchi, komanso amayiwo ankadandaula khosi. Gina Porter wa ku Durham University ndi anzake anafunsa ana ku Ghana, ku Malawi ndi ku South Africa za katundu amene amasenza. Atsikana ndi amene ankasenza kwambiri, ndipo ambiri ankanena za kupweteka kwa mutu, khosi ndi msana.

Ine sindinafunikire kupita ku Durham. Usiku wa tsiku la sikelo lija ndinadzuka kupita panja, n'kupeza asisi atakhala kukhitchini moto utatsala makala okha, akudzithowa kumbuyo kwa khosi ndi kansalu koviika m'madzi otentha. Kunja kunali kuzizira kwa Juni kuja kumene aliyense wa kuno kumtunda kwa Ntcheu amakudziwa. Ndinawafunsa kuti zayamba liti. Anati, "Aaa, kalekale. Ndikasenza kwambiri limatsikira mpaka kuphewa. Ukagone, usawauze amayi." Pawindo panali kapepala ka panado kotsala mapiritsi awiri.

Ndinakhala pansi. Ndinali nditatha sabata yathunthu ndikulirira khosi langa, ndikuwerengera makilogalamu 27 a pakompyuta ya dokotala wa ku New York, pamene munthu amene amasenza makilogalamu enieni, a kachewere ndi a madzi, tsiku ndi tsiku, amagona kuseri kwa khoma lomwelo. Ndipo matumba amenewo si a wina aliyense. Gawo la ndalama zake ndi limene limandipeza pafoni mwezi ukamatha, n'kusanduka lendi, ndiwo ndi bandulo. Khosi langa linapindika powerenga mabuku amene khosi la asisi linalipira. Lawo ndi lowongoka, loti ungalijambule n'kuika m'buku lophunzitsa kakhalidwe kabwino, ndipo ndi limene likupweteka.

N'chifukwa chake ndasiya kukhulupirira anthu amene amagawa matupi pawiri, owongoka abwino ndi opindika oipa. Tinakula tikumva "khala bwino" kuchokera kwa aphunzitsi, ndipo tsopano pa TikTok pali ogulitsa malamba okokera mapewa kumbuyo, akulonjeza kuti zonse zitheka. Mnzanga wa ku Blantyre uja anati iwo amaphunzitsidwa kuti vuto lalikulu si kakhalidwe kena kake, koma kukhalitsa m'kakhalidwe kamodzi kapena kusenzetsa thupi mopyola muyeso popanda kupuma. Wophunzira wokhala maola asanu osadzuka ndi mayi wosenza maulendo asanu osapuma akulakwira thupi mbali ziwiri zosiyana. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndikhoza kudzuka pampando nthawi imene ndafuna.

Za dzanzi langa, anandifunsa mafunso atatu okha: zala ziti, nthawi yanji, ndipo chigongono chimakhala pati. Kachala kakang'ono ndi theka la chala choyandikana nako zimamva kudzera mumtsempha umodzi, uja umadutsa kuseri kwa chigongono, umene ukaugunditsa pachitseko umamva ngati wagwidwa ndi magetsi. Ine ndimawerenga nditatsamira chigongono padesiki, ndipo ndimagona foni ili m'manja chigongono chitapindika mpaka tulo kundiba. Anati mwachidziwikire vuto lili pamenepo, ngakhale kuti mtsempha womwewo ukhoza kupanikizikanso kukhosi, ndipo anakana kundiuza zambiri pafoni. "Pita akakuone ndi maso. Ndipo tsiku lina dzanja likadzafooka mwadzidzidzi, pakamwa n'kupotoka kapena mawu n'kumakolana, usadzandilembere ine, udzathamangire kuchipatala nthawi yomweyo." Ndinapita. Anandigogoda pachigongono, n'kunditembenuza mutu uku ndi uku, n'kundifinyitsa zala zawo, n'kuyeza kuthamanga kwa magazi. Anati si za agogo zija. Ndisiye kutsamira chigongono, ndisamagone nditachipinda, ndizidzuka pafupipafupi ndikamawerenga, ndipo zikapitirira ndibwererenso. Ndinatuluka miyendo ili yopepuka.

Masabata atatu otsala a holide ndinatenga ntchito ya madzi. Kusenza pamutu sinditha, ndipo anthu akanaseka mpaka ku Lizulu, ndiye ndinkapopa mjigo n'kunyamula zigubu ziwiri m'manja, kenako ndinaphunzira kumangirira zinayi panjinga. Masiku oyamba zikhatho zinatuluka matuza. Amayi a pamjigo ankandifunsa ngati sukulu andichotsa. Ndinauza amayi za khosi la asisi ngakhale anandiletsa, ndipo asisi sanandilankhule tsiku lathunthu. Amayi anangoti, "Nanenso limandipweteka, agogo akonso linkawapweteka," ngati akunena za mvula. Ndinayambitsa nkhani ya wilibala. Tinawerengera mtengo wake, ndipo tonse atatu tinadziwa, popanda wotchula, kuti ndalama yake ikhoza kuchokera pamalo amodzi okha, pa imene amanditumizira. Ndinati adule mwezi woyamba ndi wachiwiri. Amayi anati tiona kachewere akagulidwa bwanji. Mpaka lero wilibalayo sinagulidwe.

Tsiku lobwerera kusukulu asisi anandiperekeza kumsewu. Chikwama changa chinali chitalemera, muli ufa, nyemba ndi kachewere wa mesho wanga amene anachita kundituma. Tisanatuluke pabwalo ndinaona akupota kale chitenje chawo. Ndinati, "Ayi asisi, lero ndinyamula ndekha." Anandiyang'ana, n'kuyang'ana chikwama, n'kumasula nkhata ija, n'kuimanga m'chiuno. Kuchokera pakhomo kukafika pamene pamaima minibasi ndinasintha dzanja kanayi. Iwo ankayenda pambali panga manja ali lende, akuoneka kuti sakudziwa chochita nawo, ndipo anyamata a kabaza atatiwona anayamba kuwomba m'manja.